Khoswe wa padzala ndi wa patsindwi: zimene mbiri ya mliri ikuphunzitsa Blantyre ndi Limbe

Mtengo wa feteleza utakwera kwambiri mu 2021 ndi 2022, mabanja ambiri a ku Machinjiri, Chilomoni, Bangwe ndi Chigumula anabwerera ku manyowa. Kuseri kwa nyumba komanso m'madimba a m'mbali mwa mitsinje ya Mudi, Naperi ndi Likhubula kunawonekera milu ya mapesi, ndowe, phulusa ndi zotsala za kukhitchini. Ena akupanga manyowa a Mbeya, amene amasakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono. Ntchitoyi ndi yabwino ku nthaka ndi ku thumba la banja, koma yabwera ndi dandaulo limene alangizi a zaumoyo amalimva akamayendera makomo, loti makoswe achuluka. Ambiri amathamangira ku tameki. Mbiri ya zaka zoposa 100 ikusonyeza kuti kupha makoswe kokha sikunathetsepo vutoli, ndipo pa nthawi ya mliri kumatha kuwonjezera odwala.

Mzinda unakula pamodzi ndi makoswe ake

Blantyre inayamba ngati mishoni ya mpingo wa Church of Scotland mu 1876, ndipo inakhala ndi khonsolo yake mu 1895. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1894, mliri wa makoswe unabuka ku Hong Kong, kumene Alexandre Yersin anapeza kachilombo koyambitsa matendawa, kamene lero kamatchedwa Yersinia pestis. Sitima zapamadzi zinawanditsa mliriwu mwachangu. Unafika ku Bombay mu 1896, ku Madagascar mu 1898 ndi ku Cape Town mu 1901. Mu 1898 momwemo, Paul-Louis Simond ali ku Karachi anasonyeza kuti kachilomboka kamachoka kwa khoswe kupita kwa wina kudzera mu nthata zoyamwa magazi.

Pa nthawiyi Blantyre inali ikulumikizana ndi madoko. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, inafika mu 1908, ndipo Limbe inakula mozungulira siteshoni, nyumba zosungiramo katundu ndi fakitale ya fodya. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatsegulidwa, kotero sitima inayamba kuyenda kuchokera ku Beira mpaka ku Limbe osatsitsa katundu pamtsinje. Khoswe wakuda wa m'nyumba, amene kwawo kwenikweni ndi ku Asia ndipo anafalikira mu Africa potsatira njira za malonda, amakonda malo otere, okhala ndi matumba a chimanga ndi mpunga, madenga ndi ngalande.

Njira ziwiri zimene sizinathandize

Maboma a atsamunda anali ndi njira ziwiri zimene ankazidalira. Yoyamba inali kuloza chala anthu osauka ndi kuwasamutsa. Ku Cape Town mliri unalowera padoko, koma mu 1901 boma linachotsa anthu akuda pafupifupi 6,000 m'kati mwa mzinda n'kukawaika kumalo amene pambuyo pake anatchedwa Ndabeni. Ku Johannesburg mu 1904 dera limene munkakhala amwenye ndi anthu akuda linatenthedwa, eni ake n'kutumizidwa ku Klipspruit. Makoswe sanasamuke nawo.

Maganizo oterewa anaumbanso Blantyre. Madera ngati Sunnyside anakonzedwera azungu, pomwe antchito ambiri akuda ankakhala m'midzi ya kunja kwa malire a tauni, monga Ndirande, kumene khonsolo sinkafikako ndi mipope, ngalande kapena ntchito yochotsa zinyalala. Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa mu 1956, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzindawu, koma kusiyana kuja kudakalipo. Magalimoto opita kumtaya wa ku Mzedi amafika mosavuta m'madera okhala ndi misewu yabwino, pomwe m'madera othithikana mabanja ambiri amadalira dzenje, dzala kapena mtsinje.

Njira yachiwiri inali kulipira anthu kuti aphe makoswe. Ku Hanoi mu 1902 boma la France linkagula michira ya makoswe. Posakhalitsa mumzinda munayamba kuwoneka makoswe opanda michira, popeza anthu ankadula mchira n'kusiya khoswe kuti apitirize kuswana, ndipo ena anayamba kuweta makoswe. Ngakhale pasakhale chinyengo, masamu ake ndi ovuta. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere kwa masabata atatu okha, amaswa ana asanu kapena kuposerapo nthawi imodzi, ndipo anawo amayamba kuswana akakwanitsa miyezi itatu. Ngati chakudya ndi pobisala zilipo, otsala amabweza chiwerengero m'miyezi yochepa.

Kuchokera ku Karonga mpaka ku Nsanje

M'dziko muno mliriwu unabuka ku Karonga m'zaka za nkhondo yoyamba ya padziko lonse, pamene asilikali, amtengatenga ndi chakudya chambiri zinkadutsa kumeneko kupita kumalire a dziko la German East Africa. Mu 1917 unapezekanso m'chigwa cha Luangwa, kummawa kwa Zambia, chigawo chimene chinadzaonanso odwala ku Nyimba mu 2015. Izi zikusonyeza khalidwe la matendawa. Kachilomboka kamatha kukhala zaka zambiri mu mbewa zakutchire, anthu n'kuiwala, kenako kamabukanso.

M'zaka zaposachedwa, vutoli laonekera kwambiri kuchigwa cha Shire. Mu 1994 mliri unabuka m'boma la Mutarara m'chigawo cha Tete, kumene kuli mlatho wa Dona Ana uja, ndipo odwala ena anapezeka ku Nsanje. Mu 1997 anthu mazana angapo anadwala m'dziko muno. Mu 2002, bungwe la WHO linalengeza kuti kuyambira pa 16 Epulo kufika kumapeto kwa Meyi anthu 71 anali atadwala m'boma la Nsanje, ambiri a iwo ochokera m'dera la Ndamera. Kuchokera ku Nsanje kufika ku Blantyre ndi mtunda wosakwana makilomita 200, ndipo tsiku lililonse magalimoto amakwera mapiri a Thabwa atanyamula anthu, matumba a mbewu ndi makala. Kuti mzinda ungathe kugwidwa, zinaoneka ku Madagascar mu 2017, pamene anthu oposa 2,000 anadwala, pafupifupi 200 anamwalira, ndipo ambiri anali a m'mizinda ya Antananarivo ndi Toamasina.

Pamene kapuku amakumana ndi khoswe

Akuluakulu anati khoswe wa patsindwi anaulula wa padzala. Mwambiwu umanena za anthu, koma ukufotokozanso bwino mayendedwe a matendawa. Mbewa zakutchire zimasunga kachilombo. Kapuku, mbewa imene imakhala m'minda koma imalowanso m'nkhokwe ndi m'nyumba, imanyamula nthata kuchokera kutchire kufika nazo pakhomo. Pamenepo nthata zimadumphira khoswe wa m'nyumba, amene sapirira matendawa ndipo amafa msanga. Khoswe akafa thupi lake limazizira, nthata zimamusiya n'kufuna magazi ena, ndipo zimaluma munthu amene wagona pamphasa pansi. N'chifukwa chake makoswe akamafa okha ambirimbiri, n'kumagwa kuchokera kudenga, chimakhala chizindikiro choyamba cha mliri.

Mumzinda wa Blantyre, kumene chimanga chimalimidwa m'mapiri a Soche, Ndirande ndi Bangwe komanso pamalo aliwonse opanda nyumba, munda ndi khitchini zimayandikana kwambiri. Mulu wa manyowa umakhala pakati pa ziwirizi. Ukakhala wouma, wosatembenuzidwa, wotsamira khoma ndiponso wothiridwa mkute, minga za nsomba kapena gaga, umapatsa makoswe chakudya, kutentha ndi pobisala nthawi imodzi.

Mliri si vuto lokhalo. Mkodzo wa makoswe umafalitsa matenda a leptospirosis, amene amalowa kudzera m'mabala a pakhungu munthu akamagwira ntchito m'matope kapena m'madzi osefukira ngati amene anadza ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Zizindikiro zake zimafanana ndi malungo. Kafukufuku amene anachitika ku Moshi m'dziko la Tanzania mu 2007 ndi 2008 anapeza matendawa mwa anthu 8 kapena 9 pa 100 aliwonse amene anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kutentha thupi. Nayenso tameki, amene dzina lake lenileni ndi aldicarb, ndi poizoni wamphamvu kwambiri. Amagulitsidwa m'timapepala topanda malangizo, ndipo amapha ana, nkhuku, agalu, amphaka ndi akadzidzi, pomwe amphaka ndi akadzidziwo ndiwo amachepetsa makoswe.

Zimene mbiriyi ikusiyira ogwira ntchito m'madera

Phunziro loyamba ndi lakuti khoswe amagonja akasowa chakudya ndi pokhala. Mabanja asaletsedwe kupanga manyowa, koma athandizidwe kuwapanga bwino. Mulu ukhale patali ndi khoma la nyumba, nkhokwe ndi khola, ndipo udzu wozungulira usengedwe. Zakudya zophika, nyama, nsomba ndi mafuta zisathiridwemo. Mulu uzikhala wonyowa pang'ono ndipo uzitembenuzidwa pakatha masabata awiri aliwonse. Manyowa amene akuwola bwino amatentha kufika madigiri 55 kapena kuposa, ndipo khoswe samanga chisa pamalo otentha chotero komanso osokonezedwa kawirikawiri. Mulu womata ndi dothi, monga wa chimato, uziyang'anidwa ngati wabooledwa. Matumba a manyowa a Mbeya amangidwe bwino ndipo asasungidwe m'chipinda chogona. Wotembenuza manyowa avale nsapato, aphimbe mabala ndipo asambe m'manja ndi sopo akamaliza.

Phunziro lachiwiri ndi lakuti khomo limodzi silingapambane palokha. Makoswe a pamsika wa Limbe kapena wa Ndirande sadziwa malire a mpanda. Kuchotsa zinyalala m'misika, kutsegula ngalande ndi kutseka mauna ziyenera kuchitika tsiku limodzi m'dera lonse, mogwirizana ndi mafumu, makomiti a zaumoyo ndi khonsolo. Kunyoza anthu a m'madera othithikana kuti ndi auve ndi kubwereza cholakwa cha 1901, chifukwa anthu onyozedwa amabisa odwala ndipo sanena akaona makoswe akufa.

Phunziro lachitatu ndi lokhudza dongosolo. Makoswe akayamba kufa okha, pasathiridwe poizoni wina. Malangizo a WHO ndi akuti nthata ziyambe zaphedwa ndi mankhwala ophera tizilombo, makoswe pambuyo. Khoswe wakufa asagwiridwe ndi manja, ana asamuseweretse, ndipo mbewa zopezeka zitafa zokha zisadyedwe. Nkhaniyi ifike kwa mkulu wa zaumoyo wa dera tsiku lomwelo.

Pomaliza, wodwala amene watentha thupi mwadzidzidzi, ali ndi mwanabere wopweteka kwambiri m'mphechepeche, m'khwapa kapena pakhosi, makamaka ngati wachokera kuchigwa cha Shire kapena kwawo kwafa makoswe, atumizidwe kuchipatala msanga ngakhale zotsatira za malungo zitasonyeza kuti ali nawo. Zizindikiro zimayamba pakati pa tsiku limodzi ndi masiku 7 munthu atalumidwa. Popanda chithandizo, odwala 30 mpaka 60 pa 100 aliwonse amamwalira, ndipo matendawa akalowa m'mapapo amafala kudzera m'kutsokomola n'kupha m'masiku awiri kapena atatu. Mankhwala monga doxycycline, ciprofloxacin ndi gentamicin amachiza bwino akaperekedwa msanga. Madokotala a ku Karonga m'nthawi ya nkhondo ija analibe mankhwalawa. Lero alipo, koma amathandiza pokhapokha mlangizi kapena wodzipereka wa m'dera atazindikira chizindikiro n'kufulumira kunena.