Mkangano wa Arius ndi Msonkhano wa ku Nicaea

Pamene tikukumbukira zaka zana limodzi za parishi yathu, nkoyenera kuti tiyang'anenso kutali kumene chikhulupiriro chathu chidadzera. Mau amene timanena pa Misa ya tsiku la Mulungu, ulaliki utatha, sadalembedwe pa nthawi ya mtendere ai. Adabadwa m'kati mwa mkangano woopsa umene udayambira mu Africa muno, mu mzinda wa Alexandria, m'dziko la Egypt.

Cha m'ma 318, wansembe wina wa mumzindamo, dzina lake Arius, munthu wophunzira ndi wodziwa kulankhula, adayamba kuphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu sali wamuyaya monga Atate. Iye ankati wobadwa aliyense ali ndi chiyambi. Tsono padali pamene Mwanayo kudalibe. Kwa Arius, Kristu adali woyamba ndi wopambana zolengedwa zonse, komabe cholengedwa ndithu. Maganizo akewa adawaika m'nyimbo zosavuta kuloweza, kotero kuti ngakhale anthu wamba ogwira ntchito m'zombo ankaziimba.

Episkopi wake, Ambuye Alexander, pamodzi ndi dikoni wao wachinyamata Athanasius, adaona kuti nkhaniyi siinali ya akatswiri okha. Ngati Kristu ali cholengedwa, adatiombola bwanji, popeza cholengedwa sichingathe kupatsa chinzake moyo wa Mulungu? Nanga akristu amene ankamupembedza ndi kubatizidwa m'dzina lake, kodi sankapembedza cholengedwa monga akunja? Nanga aja adafera dzina lake pa nthawi ya mazunzo, adafera yani? Aepiskopi a ku Egypt ndi ku Libya adasonkhana namuchotsa Arius mu Mpingo, koma iye adapeza abwenzi amphamvu, makamaka Eusebius, episkopi wa ku Nicomedia.

Mfumu Constantine, imene idaleketsa mazunzo mu 313, idakhala mfumu ya dziko lonse la Aroma mu 324. Poyamba idayesa kuti mkanganowo ngwachabe, ndipo idatuma Hosius, episkopi wa ku Cordoba, ndi kalata yoti mbali ziwirizo zigwirizane. Ataona kuti zakanika, Constantine adaitanitsa msonkhano waukulu ku Nicaea, kumene lero kumatchedwa Iznik m'dziko la Turkey. Mu 325 kudafika aepiskopi pafupifupi 300, ambiri mwa iwo ochokera kuvuma, ena ali ndi zipsera za mazunzo m'thupi mwao. Papa Sylvester sadapite, koma adatuma ansembe awiri.

Vuto lidali lakuti mau aliwonse a m'Malembo Oyera amene aepiskopi ankatchula, anthu a Arius ankawavomera, nkumawamasulira mwa njira yaoyao. Motero msonkhanowo udasankha liu la Chigriki limene silipezeka m'Baibulo, lakuti homoousios, kutanthauza kuti Mwana ali ndi umulungu umodzimodzi ndi Atate. Ngwobadwa, sadachite kulengedwa. Aepiskopi awiri okha, Secundus ndi Theonas, ndiwo adakana kusaina, ndipo adapirikitsidwa pamodzi ndi Arius.

Koma kuzima kwa malawi sikutha kwa moto. Abwenzi a Arius adabwereranso kunyumba ya mfumu, ndipo amene adabatiza Constantine ali pafupi kufa mu 337 adali Eusebius yemwe uja. Mwana wake, mfumu Constantius, adakakamiza aepiskopi ambiri kuti asiye liu la ku Nicaea. Athanasius, amene adalowa uepiskopi wa ku Alexandria mu 328, adachotsedwa pampando kasanu. Adakhalako ku Trier, adathawirako ku Roma kwa Papa Julius, ndipo zaka zina adabisala pakati pa amonke m'chipululu cha Egypt. Zonse pamodzi adakhala kunja kwa mpando wake zaka pafupifupi 17, koma sadagonje mpaka imfa yake mu 373.

Pa nthawi yomweyo padabuka ena okana umulungu wa Mzimu Woyera. Basil wa ku Caesarea, Gregory wa ku Nyssa ndi Gregory wa ku Nazianzus adalongosola bwino kuti Mulungu ndi mmodzi mwa Atatu. Mu 381, mfumu Theodosius idaitanitsa msonkhano wina ku Constantinople, kumene aepiskopi pafupifupi 150 adatsimikiza chiphunzitso cha ku Nicaea, naonjezapo mau onena za Mzimu Woyera. Pemphero la chikhulupiriro limene timanena pa Misa lidachokera m'misonkhano iwiriyi.

Abale okondedwa, chaka cha 2025 chidakwanitsa zaka 1,700 chichitikire msonkhano wa ku Nicaea. Zaka zana limodzi za parishi yathu nzochepa poyerekeza ndi zimenezi. Komabe makolo athu amene adabatizidwa kuno adalandira chikhulupiriro chomwecho chimene Athanasius adavutikira. Tikamaimirira kuti tinene pemphero lija, tisamalinene mothamanga, pakuti liu lililonse lidagulidwa ndi mtengo wapatali.