Ufa Wacikasu wa ku Rochdale

Palibe mmodzi wa ife amene sanaimepo pamsika, nayang'anitsa mbale ya wogulitsa cimanga ngati sanaipinde kunsi kwace, kapena kupenda botolo la mafuta ngati sanathiremo zina. Wogula aona kunja kwa cinthu, koma za m'kati mwace azidziwa mwini malonda yekha. Cifukwa cace pogula sitigula katundu yekha ai, tigulanso mau a munthu wotigulitsayo. Mwezi uno tifuna kulongosola mbiri ya amphawi ena a ku England amene anatopa nako kunyengedwa, nadzitsegulira sitolo yao; ndiponso zimene anazipeza anthu ophunzira, amene nchito yao ndiyo kusanthula mabungwe a anthu, kubadwa kwao, kukula kwao ndi kusandulika kwao.

Rochdale ndiwo mudzi wa pafupi ndi Manchester, umene masiku aja unali m'dera la Lancashire, ndipo anthu ace ambiri anali oomba nsaru. Zaka za m'ma 1840 zinali za usiwa kumeneko, pakuti makina atsopano anatsitsa malipiro a oomba pamanja. Amphawi anali kudya za ngongole kwa eni masitolo, ndipo tidziwa tonse kuti wangongole sakhoza kukana cimene ampatsa. Ufa wa tirigu anali kuusanganiza ndi coko, kapena ndi mankhwala ochedwa alum, kuti uyere. Masamba a tiyi ophikidwa kale anali kuwaumitsa, nawapaka utoto, nawagulitsanso ngati atsopano. Ndipo miyeso inali yoperewera.

M'caka ca 1844 amuna 28, monga mbiri iwawerengera, anapangana kucitapo kanthu. Ambiri anali oomba nsaru, ena amisiri a nchito zina, ndipo ena mwa iwo anali otsata ciphunzitso ca Robert Owen ca kugwirizana kwa anchito. Anasonkha makobiri 2 pa sabata, pambuyo pace tiki, kufikira anakwanitsa mapaundi 28. Anabwereka cipinda capansi ca nyumba ina pa 31 Toad Lane, kulipira mapaundi 10 pa caka, ndipo madzulo a pa 21 December 1844 anatsegula citseko. Katundu wao anali batala, shuga, ufa wa tirigu, ufa wa phala ndi makandulo owerengeka, basi. Poyamba sitoloyo inali kutsegulidwa madzulo awiri okha pa sabata, ogulitsawo ataweruka ku nchito zao.

Malamulo ao ndiwo ayenera kuti tiwasamalire. Katundu akhale wosasanganiza, ndi muyeso ukhale wodzala. Ngongole isaperekedwe kwa munthu ali yense. Pa msonkhano membala ali yense akhale ndi voti imodzi, angakhale waika ndalama zambiri kapena zocepa. Phindu ligawidwe monga mwa kugula kwa munthu, kuti mai wa ana ambiri, amene agula ufa wocuruka, alandirenso gawo lalikuru. Ameneyu anali maganizo a Charles Howarth. Akazinso analoledwa: Eliza Brierley analembetsa dzina lace m'caka ca 1846, masiku amene cuma ca mkazi wokwatiwa cinali kuyesedwa ca mwamuna wace. Lamulo la ngongole lija lioneka louma mtima, koma linali cipsera ca bala lakale. M'mseu womwewo munali sitolo ina ya cigwirizano imene inagwa m'caka ca 1835 cifukwa ca kukongoza, ndipo ena mwa amuna awa anaona kugwa kwace ndi maso ao. Mphunzitsi wina wa ku America, Arthur Stinchcombe, analemba m'caka ca 1965 kuti mabungwe atsopano ndiwo afa kawirikawiri koposa akale, pakuti anthu ace sanazolowerane, ndi akunja sanayambe kuwakhulupirira. Ndiponso kuti bungwe lisenza zizindikiro za nyengo ya kubadwa kwace kufikira ukalamba wace. Zonse ziwiri tiziona ku Rochdale.

Pakutha caka ca 1845 mamembala anali 74. M'caka ca 1849 banki yosungira ndalama ya m'mudzimo inagwa, kutadziwika kuti woisunga anali kuba ndalama za anthu zaka zambiri, ndipo anchito anayamba kukasungitsa makobiri ao ku Toad Lane. M'caka ca 1850 mamembala anali 600, ndipo m'caka ca 1860 anali 3,450.

Tsono taonani cimene cinacitika ndi ufa. Pofuna kudziwa ndithu cimene agulitsa, anthu a cigwirizano anayamba cigayo cao m'caka ca 1850. Ufa unaturuka woona, wopanda coko kapena mankhwala. Koma popeza unalibe zoyeretsa zija, maonekedwe ace anali odera, ndipo anthu anaucha ufa wacikasu. George Jacob Holyoake, amene analemba mbiri ya bungweli, asimba kuti mamembala ambiri anaunyansidwa nao. Anthu omwewo amene anasonkha ndalama kuti apulumuke ku cinyengo, ataona cinthu ceniceni anacikana, pakuti maso ao anakula ndi ufa wonyenga, nayesa kuti kuyera ndiko ubwino. Ife sitiwaseka ai, pakuti nafenso tikonda ufa woyera koposa mgaiwa, tingakhale tauzidwa kumene kuli cakudya. Panapita nthawi, ndi kulangizana kwambiri, kufikira anthu anaphunzira kukhulupirira cigayo cao koposa maso ao. Apa tiona kuti coonadi ca pamsika sicidzionetsa cokha. Cifuna gulu la anthu loimirira kumbuyo kwace, limene mau ace amveka.

Nkhani yaciwiri njowawa koposa. M'caka ca 1854 ena mwa oyambitsa aja anatsegula fakitale yoomba nsaru, nalamula kuti anchito ace alandire gawo la phindu pamwamba pa malipiro ao. Fakitaleyo inapindula, ndipo pofuna kuikuza anaitana anthu ambiri agule magawo. Obwera atsopanowo, amene ambiri a iwo analinso anchito a m'mafakitale ena, anayamba kufunsa cifukwa ninji wanchito wa muno alandire zoposa za mnzace wa kwina. M'caka ca 1862 anaponya voti, nacotsa gawo la anchito. Nsaru sinasinthe, ulusi unali womwewo, ndipo dzina la cigwirizano linakhalabe pakhomo. Koma cimene oyambitsa anaimikira nyumbayo cinali citaturukamo. Ndipo cinaturuka mwa lamulo, mwa voti ya ambiri, popanda wakuba kapena wonama.

Anthu ophunzira anayamba kufunsa ngati ici ndi tsoka la Rochdale yekha, kapena ndi njira ya mabungwe onse. Beatrice Potter, amene anakwatiwa ndi Sidney Webb, anayendera mabungwe otere, nalemba buku lace m'caka ca 1891. Iye anaweruza kuti mabungwe a ogula akhoza kukula osataya maziko ao, pakuti khomo lao likhala lotseguka kwa yense; koma mabungwe a opanga katundu kawirikawiri agwa, kapena akapindula atseka khomo, nayamba kulemba ena nchito monga mabwana onse. M'caka ca 1911 Robert Michels, atasanthula cipani ca anchito ca ku Germany, ananena mau olemera koposa: kuti bungwe liri lonse lalikuru, lingakhale linayamba ndi kulingana kwa onse, lidzagwa m'manja mwa owerengeka, pakuti alembi ndi akapitao ndiwo adziwa mabuku, ndipo membala wamba atopa nayo misonkhano. Ife tiyesa kuti Michels anapyola muyeso pakucha ici lamulo losathyoka. Koma amene anakhalapo pa msonkhano wa pacaka, naona mipando yopanda anthu, sadzamtsutsa msanga.

Pakali pano dziko lomwe linali kusintha. Kuyambira caka ca 1851 dotolo Arthur Hill Hassall anayesa zakudya za m'masitolo a London ndi galasi lokuza tinthu tating'ono, ndipo magazini ya madotolo, The Lancet, inasindikiza maina a onyenga. M'caka ca 1858 ku Bradford anthu ngati 20 anafa, ndi oposa 200 anadwala, atadya maswiti amene munalowa ululu wa arsenic m'malo mwa ufa wacabe umene wopangayo anafuna kuonjezera nao shuga. Boma linaika lamulo loletsa kusanganiza zakudya m'caka ca 1860, ndi lina lamphamvu m'caka ca 1875. Ici cinali cipambano ca zimene a Rochdale anaimirira. Koma cinawalandanso cizindikiro cao, pakuti masitolo onse atayamba kugulitsa ufa woona, ufa woona sunalinso cifukwa cakuti munthu ayende kumka ku sitolo ya cigwirizano.

Olemba awiri a ku America, Glenn Carroll ndi Dennis Wheaton, polemba za malonda a zakudya m'caka ca 2009, anasiyanitsa mitundu ya kuona kwa cinthu, ndipo iwiri mwa iyo itithandiza pano. Woyamba ndiwo wakuti cinthu cikhale comwe cichedwa: ufa ukhale ufa, uci ukhale uci. Waciwiri ndiwo wakuti wopangayo akhale wokhulupiradi zimene anena, wosazinenera malonda okha. Mtundu woyamba ndiwo wa ufa wacikasu, ndipo boma likhoza kuusunga ndi sikelo ndi galasi. Waciwiri ndiwo unatayika m'fakitale ija m'caka ca 1862, ndipo palibe sikelo youyesera.

Za kukula kwa mabungwewa tingonena mwacidule. M'caka ca 1863 anapanga bungwe logula katundu wambiri pamodzi ku Manchester. M'caka ca 1872 linayamba nchito ya banki, ndipo pambuyo pace linakhala ndi mafakitale ace, zombo zace, ndi minda ya tiyi ku Ceylon. Malamulo a Rochdale anaoloka nyanja, nafika ndi kwathu kuno, kumene boma la Nyasaland linaika lamulo la mabungwe a cigwirizano m'caka ca 1946. M'zaka za m'ma 1950 mamembala a ku Britain anapyola mamiliyoni 10. Koma masitolo akuru a makampani, monga Tesco ndi Sainsbury's, anali kudza ndi liwiro; ndipo komiti yotsogozedwa ndi Hugh Gaitskell italangiza m'caka ca 1958 kuti mabungwe ang'onoang'ono aphatikizane, ambiri anazengereza zaka zambiri. Michael Hannan ndi John Freeman analongosola m'caka ca 1984 cifukwa cace mabungwe akale ali ouma khosi cotere: anthu akhulupirira bungwe cifukwa licita lero comwe linacita dzulo, ndipo miyambo yomweyo imene ilicititsa kukhulupirika ndiyo imanga miyendo yace nyengo ikasintha.

M'caka ca 2013 kunadziwika kuti banki ya cigwirizano ija inaperewera mapaundi 1.5 biliyoni. Poipulumutsa, gawo lalikuru linamka kwa amalonda a ndalama akunja kwa bungwe, ndipo m'caka ca 2017 gawo lotsala linagulitsidwanso. Koma bankiyo inasungabe dzina lakuti Co-operative, ingakhale mamembala sanalinso eni ace. Ndipo anthu ambiri anafunsa ngati dzinalo linali loonabe.

Cifukwa ninji ogula bankiyo anakakamira dzina? Yankho tilipeza m'kafukufuku wina wa Carroll yemweyo ndi mnzace Anand Swaminathan, wa m'caka ca 2000. Iwo anasanthula malonda a mowa ku America. Sitichula ici potamanda cakumwaco, koma cifukwa pamenepo mpamene cinthuci cinaonekera bwino. Pofika caka ca 1983 makampani ofulula mowa anatsala osakwana 50 m'dziko lonse lija, akuru atameza ang'ono. Anthu anayesa kuti ang'ono atheratu. Koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ofulula ang'ono anapyola 1,000. Akuru akalimbanira pakati pa msika, asiya m'mphepete mopanda mwini, ndipo ang'ono amera pomwepo, nati ife ndife enieni. Makampani akuru anayesa kupanga zakumwa zofanana, nazipatsa maina onga a ofulula ang'ono; koma ogula ambiri, pozindikira mwini wace, anazisiya, kungakhale kukoma kwace kunali komweko. Sanali kufunsa za cakumwa cokha ai, anali kufunsa kuti wacipanga ndani.

Bungwe lalikuru la Co-operative Group linazindikira comweci, ndipo m'caka ca 2016 linabwezera pa masitolo ace cizindikiro cace cakale ca m'caka ca 1968, kuti anthu akumbuke kumene linacokera. Bungwe la Rochdale lenilenilo linaleka kuima palokha m'caka ca 1976, pamene linaphatikizana ndi la ku Oldham. Ndipo mwa kuphatikizana kwina ndi kwina linalowa m'bungwe lalikurulo m'caka ca 2007. Nyumba ya pa 31 Toad Lane iripobe. Kuyambira caka ca 1931 yakhala nyumba yosungiramo zakale, ndipo alendo ocokera ku maiko ambiri alowa m'cipinda capansi cija kukaona pamene amuna aja anayesera batala ndi shuga madzulo oyambawo.