Magazi a ku America pa kanema wa Chijeremani: mbiri ya magemu m'makwalala a Lilongwe

Makina ena a magemu omwe anafika ku Lilongwe kuchokera ku America anafa tsiku lomwe anatulutsidwa m'katoni. M'bale wa kunja watumiza PlayStation, ana a nyumba zoyandikana adzaza pakhomo, wina wathamangira kukabwereka adaputa poti pulagi yake ndi ya mano awiri opyapyala pomwe soketi yathu ndi ya mabowo atatu. Kungoyatsa, phu! Kenako kafungo ka waya wopsa. Magetsi a m'nyumba ku America ndi mavoti 120, athu ndi 230, ndipo PlayStation 2 yaikulu ija inalibe nzeru yosiyanitsa.

Amene anachenjezedwa n'kugula thiransifoma yotsitsa mphamvu ankakumana ndi china. Gemu ija ikayaka, chithunzi chinkabwera chakuda ndi choyera basi, mwinanso chikungoyenderera m'mwamba osaima. Ambiri ankadandaula kuti awatumizira chakufa. Sichinali chakufa ayi. Unali mkangano wakale wa mainjiniya a ku America ndi a ku Germany, womwe unadzathera pa shelefu ya ku Kawale.

Njira ya ku America yoonetsera mitundu pa kanema, ya NTSC, inavomerezedwa mu 1953. Inali ndi chilema chake: mafunde akasokonekera pang'ono m'njira, nkhope ya munthu inkasanduka yobiriwira, moti ma TV a kumeneko ankakhala ndi kabatani kokonzera khungu la anthu. Walter Bruch, injiniya wa kampani ya Telefunken ku Hanover, anakana kusiyira woonera ntchito imeneyo, ndipo mu 1963 anaonetsa njira yake ya PAL yomwe inkadzikonza yokha. Pa 25 Ogasiti 1967 Willy Brandt anadina batani ku Berlin, dziko la West Germany n'kuyamba kuonera kanema wa mitundu. Britain inatenga PAL chaka chomwecho, South Africa inachitanso chimodzimodzi itatsegula kanema wake mu 1976, ndipo poti katundu wathu wambiri ankachokera ku Joni ndi ku Ulaya, ife tinalowa m'khola la PAL tisanakhale n'komwe ndi nyumba youlutsira zithunzi. Television Malawi inadzayamba mu 1999.

PAL imasintha chithunzi ka 50 pa sekondi, NTSC ka 60. Magemu ambiri opangidwira ku Japan ndi ku America akabwera nawo ku mayiko a PAL ankangowachepetsa liwiro osakonza kalikonse. Sonic yemwe ankathamanga ku Biwi anali waulesi pang'ono poyerekeza ndi wa ku Chicago, nyimbo yakenso inkakoka, koma poti panalibe womuyerekeza naye, aliyense ankati ndiye liwiro limenelo.

Magemu asanabwere, TV ya m'makwalala inali ya vidiyo sho. Makamaka ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, tizipinda ta mabenchi tinabuka paliponse pomwe panafika waya wa magetsi: pamsika wa Kawale, ku Mchesi, ku Nsungwi ku Area 25, ku Chinsapo njira ya ku Likuni. Nsalu yakuda pakhomo, bolodi yolembedwa ndi choko, sipika itapachikidwa panja kuti wodutsa amve zibakera n'kusintha maganizo. Deki imodzi, matepi otha mutu, Rambo, Commando, Chuck Norris, Bruce Lee, Van Damme. Mwana wa ku Mgona anadziwa mfuti za ku America asanaone nyanja ya Malawi. Magemu atafika anapeza benchi ndi makasitomala zili kale.

Munthu amene anayamba kuganiza zosewera pa TV ya m'nyumba anali wa mayiko onse awiri, Germany ndi America. Ralph Baer anabadwira ku Germany mu 1922, m'banja la Chiyuda. Anamuchotsa sukulu ali ndi zaka 14, ndipo mu 1938 banja lake linathawira ku New York, patangotsala miyezi yochepa kuti a Nazi ayambe kuphwanya masitolo ndi masunagoge a Ayuda usiku umodzi m'dziko lonse. Mu 1966, akugwira ntchito ku kampani yopanga zida za asilikali ya Sanders Associates, analemba ganizo lake papepala, ndipo mu 1972 linatuluka ngati Magnavox Odyssey, makina oyamba a magemu ogulitsidwa kuti anthu azilumikiza ku TV yawo. Chaka chomwecho Atari inatulutsa Pong. Germany inathamangitsa mwana amene akanaipatsa malonda onsewa, ndipo mbiri yomwe inamuthamangitsayo ndi yomwe inadzachititsa kuti dzikolo lizisamala kwambiri ndi zomwe zikuoneka pa sikirini.

Koma Odyssey ndi Atari sizinali zathu. Zathu zinali makina otsanzira Famicom ya Nintendo, opangidwa ku China ndi ku Taiwan, ogulitsidwa m'masitolo a ku Area 2 pamodzi ndi mawayilesi ndi matochi. Katiriji yachikasu inkalonjeza magemu 9999, ukailowetsa n'kupeza ndi ochepa omwewo akungosintha dzina. Ikakana kuyaka, unkaizula, kuipemerera mpweya ndi pakamwa, kuibwezera. Adaputa yake inkatentha moti ena ankaiika pansi pa simenti kuti izizizira. Munali Super Mario, akasinja a Battle City, abakha owombera ndi kamfuti kapulasitiki, ndi Contra, ya asilikali awiri opanda malaya omwe ankasesa adani m'nkhalango.

Contra yomweyo ndi pomwe nkhaniyi imakomera. Mwana wa ku Munich yemwe makolo ake anagula makina enieni a Nintendo sanawaone asilikali awiri aja. Ku Ulaya gemuyo inatuluka ndi dzina loti Probotector, anthu atasinthidwa kukhala maloboti, chifukwa kampani ya Konami inkaopa malamulo a ku Germany. Katiriji yakuba ya ku China sinkafunsa malamulo a aliyense, choncho ku Area 23 tinalandira Contra yosasefa.

Kuyambira kale Ajeremani ali ndi ofesi ya boma yomwe imalemba m'kaundula mabuku, mafilimu ndi zina zomwe ikuona kuti zingawononge ana. Chinthu chikalowa m'kaundulamo sichiloledwa kuchitsatsa kapena kuchiika poonekera m'sitolo, ndipo pa malonda ndiye kuti chafa. Mu 1984 ofesiyo inalemba River Raid, gemu ya kandege kowombera zombo mumtsinje, yomwe lero mwana angaiseke. Doom inalowa mu 1994 ndipo inatulukamo mu 2011. Wolfenstein 3D, ya kampani ya id Software ku Texas, makhoti analamula kuti ilandidwe chifukwa munali zizindikiro za a Nazi, ngakhale kuti wosewerayo ntchito yake inali kuwombera a Nazi omwewo. Makampani anaphunzira kudzisefa okha. Mu Command & Conquer asilikali anasanduka maloboti otuluka oyilo m'malo mwa magazi. Mu Half-Life ya ku Germany, ukawombera wasayansi sankafa. Ankangokhala pansi n'kumapukusa mutu. Ngakhale mu 2017, Hitler wa mu Wolfenstein II anamumeta ndevu za pamlomo zija, ndipo lamulo la zizindikirolo linadzafewetsedwa mu Ogasiti 2018.

Ku America nako anthu anakwiya, koma mkwiyowo unathera kwina. Mortal Kombat, yopangidwa ku Chicago mu 1992, inali ndi munthu wozula mnzake mutu pamodzi ndi msana. Mu Disembala 1993 maseneta Joe Lieberman ndi Herb Kohl anaitanitsa akuluakulu a makampani kuti adzayankhe. Zotsatira zake sizinali lamulo. Makampaniwo anapanga okha bungwe la ESRB mu 1994, loika kalembo pa bokosi kosonyeza msinkhu woyenera, zotsalazo n'kusiyira kholo ndi wogulitsa. Chaka chomwecho ku Germany kunabadwa bungwe lofanana nalo, USK. Kusiyana kwake kunadzaoneka pambuyo pa tsoka la pa 26 Epulo 2002, pomwe mnyamata wina anapha anthu 16 pasukulu ya ku Erfurt. Kuyambira mu Epulo 2003 zizindikiro za USK, za 0, 6, 12, 16 ndi 18, zinakhala lamulo, ndipo kugulitsa gemu ya 18 kwa mwana ndi mlandu.

Boma la California linayesa kuchita zofananazo mu 2005. Amene anasaina lamulolo anali bwanamkubwa Arnold Schwarzenegger, Commando wathu yemwe uja wa mu vidiyo sho, wobadwira ku Austria, wolankhula Chijeremani kuyambira kubere. Munthu amene tinamuona akutha gulu lonse la asilikali yekha ndiye ankafuna kuteteza ana ku nkhanza za pa sikirini. Pa 27 Juni 2011 khoti lalikulu la America linagwetsa lamulolo, majaji 7 motsutsana ndi 2, ponena kuti magemu ali ndi ufulu womwe mabuku ndi mafilimu ali nawo. Jaji Antonin Scalia anakumbutsa kuti nthano za abale a Grimm, zomwe ana amawerengeredwa pogona, nazo n'zodzaza magazi. Nthanozo ndi za ku Germany.

Zonsezi zikuchitika, ku Lilongwe inali nyengo ya PlayStation 2. Sony inaitulutsa mu 2000 ndipo inagulitsa makina oposa 150 miliyoni. Ambiri mwa iwo atatopa kwa eni ake oyamba anayamba moyo wachiwiri kuno, kudzera ku Joni, ku Dubai ndi m'makontena a katundu wakale. Anyamata okonza mawayilesi anaphunzira kuwotcherera kachipi mkati, makinawo n'kusiya kufunsa ngati diski ndi ya PAL kapena ya NTSC, yenieni kapena yobena. Ma TV otsika mtengo omwe ankabwera nthawi imeneyo ankalandira njira zonse ziwiri. Mpanda womwe mainjiniya ndi maloya a makampani anamanga kwa zaka zambiri unagwetsedwa ndi kachitsulo kowotcherera pa benchi la m'mbali mwa msewu wa Malangalanga.

Shopu ya magemu inali ndi malamulo ake. Kulipira ndi pa mpira umodzi, wogonja apereka padi, wopambana akhala. Padi imodzi nthawi zonse inkakhala ndi batani lomata, ndipo wogonja aliyense ankaloza imeneyo. Kumbuyo kwa osewera awiri kunkaima khumi osalipira, onse makochi. Mpira ndiwo unkabweretsa ndalama, Pro Evolution Soccer ya Konami ndi FIFA ya Electronic Arts. Ngakhale mmenemo Mjeremani anadandaula: goloboyi Oliver Kahn anasumira Electronic Arts chifukwa choika dzina ndi nkhope yake m'gemu osamupempha, ndipo khoti la ku Hamburg linamuikira kumbuyo mu 2003.

Mpira ukatopetsa inkalowa Grand Theft Auto: San Andreas ya mu 2004, momwe umaba galimoto, kugunda anthu, kuthawa apolisi. Ku Germany inatuluka zina za nkhanza zitachotsedwa. Ku America nkhanzazo zinadutsa bwinobwino, koma mu 2005 zitadziwika kuti mkati mwa diski munabisala kagawo ka zogonana, dziko linagwedezeka. Hillary Clinton, ali seneta, anapempha kafukufuku, ESRB inasintha kalembo kukhala ka akuluakulu okhaokha, masitolo akuluakulu monga Walmart n'kuichotsa pa mashelefu. Mjeremani amanjenjemera akaona magazi, wa ku America akaona thupi.

Pamenepa ife mtima wathu uli ku America, tivomereze. Lamulo lathu losefa zosangalatsa, Censorship and Control of Entertainments Act, ndi la mu 1968, ndipo m'nthawi ya Kamuzu lumo la bungwe losefalo linkathwa kwambiri pa kupsompsonana, pa zovala ndi pa ndale. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linaletsa amayi mathalauzi ndi masiketi aafupi. Rambo akanatha mudzi wonse popanda wodandaula, koma mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana milomo chipinda chonse chinkakuwa. Madandaulo a makolo, mafumu a m'matauni ndi aphunzitsi pa mavidiyo sho ankakhala awiri: zolaula zoonetsedwa usiku, ndi ana othawa sukulu masana. Pa magemu chinawonjezereka chachitatu, ndalama ya kuchigayo yothera pa FIFA. Za mutu wozulidwa mu Mortal Kombat sizinkafika n'komwe pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi.

Ndimaona kuti Ajeremani anapitirira muyeso. Wasayansi wopukusa mutu uja sanapulumutse mwana aliyense. Koma iwo anakhala pansi n'kugwirizana chomwe akuopa, n'kuchilemba, n'kuika munthu woyankha chikalakwika. Njira ya ku America imadalira kalembo pa bokosi ndi kholo loliwerenga, ndipo kuno bokosilo silinkafika. Diski yobena inkabwera m'kapulasitiki, dzina lolembedwa ndi cholembera chakuda. Wosankha kuti mwana wa Sitandade 4 aone chiyani anali mwini shopu, kawirikawiri mnyamata wongomaliza kumene Fomu 4 yemwe ankafuna ndalama ya lendi. Ena ankathamangitsa ovala yunifolomu mpaka belu la kusukulu litalira. Ena ankangowauza kuti avule malaya abise m'chikwama. Womuthandiza wamkulu pa ntchito yosefayo anali kuthima kwa magetsi, monga zinakhalira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Shopu yopanda jenereta inkangotseka.

Lero PAL ndi NTSC zinatha ntchito. Waya wa HDMI sufunsa dziko, ndipo makina atsopano amalandira magetsi a kulikonse. Mashopu a PlayStation akadalipo ku Biwi ndi ku Area 25, ma TV ake ndi opyapyala, koma magemu ambiri anasamukira m'foni za Tecno ndi Itel. Pa Google Play, gemu imodzimodziyo imaonetsa chizindikiro cha USK kwa wa ku Germany, cha ESRB kwa wa ku America, ndipo kwa ife kanambala wamba ka msinkhu komwe chala chimangodutsa. Makolo nawo nkhawa yawo inachoka pa mfuti ndi pa milomo. Ikulozera ku gemu ya kubetcha ya Aviator, yomwe aliyense amangoiti kandege, ndi mashopu a kubetcha omwe atenga ena mwa mabenchi aja. Kumeneko ndiye kuli lamulo la zaka 18 pakhomo, ndi bungwe la boma la MAGLA loti lizilitsata.