Mbiri ya Nthenda za Mkungudza ndi Paini m'Malaŵi

M'chaka cha 1986 anthu ogwira ntchito zankhalango m'Malaŵi anaona chinthu chimene chinali chisanaonekepo m'dziko lina lililonse la mu Africa. Mikungudza yobzala m'nkhalango ndi m'mipanda ya nyumba inayamba kufiira ngati yawauka ndi moto, chikhalirecho moto sunadutsepo. Nthambi zam'kati ndi zam'munsi ndizo zinkayamba kuuma, ndipo pang'onopang'ono kuumako kunkakwera mpaka kunsonga. Pofuna kumvetsa tsokali, mpofunika kubwerera m'mbuyo ndi kuona mmene kufufuza nthenda zamitengo kunayambira kuno.

Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wachilengedwe wa phirilo. Katswiri wa zomera Alexander Whyte anatenga nthambi zake m'chaka cha 1891, ndipo n'chifukwa chake m'mabuku asayansi umatchedwa Widdringtonia whytei. Matabwa ake ndi onunkhira, ndipo chiswe sichiwagwira. Phirilo linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 mtengowu unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malaŵi. Koma popeza mkungudzawu umakula mochedwa, Boma la Atsamunda linabweretsa mitengo yachilendo yokula msanga, monga paini wa ku Mexico wotchedwa Pinus patula ndi mkungudza wa kumaiko omwewo wotchedwa Cupressus lusitanica.

Mdani woyamba amene akatswiri analimbana naye anali wa pansi pa nthaka. Ameneyu ndi bowa wotchedwa Armillaria, amene amaoletsa mizu ya tiyi ndi ya paini yomwe. Katswiri wina dzina lake Leach, amene ankafufuza nthenda za tiyi ku Mulanje, anafotokoza mu 1937 kuti bowayu amakhala m'zitsa za mitengo yam'tchire yodulidwa, nadya chakudya chimene mtengo unasunga m'mizu mwake, kenaka n'kufalikira ku mbewu zobzalidwa pafupi. Mankhwala amene iye anapeza sanali ogula. Analangiza kusenda khungwa kuzungulira thunthu nthawi yodula mtengo isanakwane. Potero chakudya chochokera kumasamba sichitsikanso, mizu imatsiriza nkhokwe yake, ndipo bowa amapeza chitsa chopanda kanthu. Njira imeneyi inatengedwa ndi maiko ena ambiri.

Phunziro lachiwiri linachokera kwa anansi. Mu 1957 nthenda yofiiritsa ndi kuyoyola masamba a paini, yotchedwa Dothistroma, inaoneka ku Tanganyika, ndipo posakhalitsa inafika ku Kenya. Inasakaza kwambiri paini wa mtundu wa Pinus radiata, kotero kuti maiko a kum'mawa kwa Africa analeka kumubzala, nayamba kudalira Pinus patula ndi mkungudza wa ku Mexico. Nalo dziko la Malaŵi, kuyambira mu 1964, linakulitsa nkhalango ya Viphya ku Chikangawa mpaka inafika mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo gawo lalikulu linali paini wa mtundu umodzi. Mitengo yofanana ikadzaza dera lalikulu chotere, chimene chadwalitsa umodzi chimapeza njira yotseguka kufika ku yonse.

Zimenezi n'zimene zinachitika mu 1986. Chimene chinkaumitsa mikungudza chinali nsabwe zamitengo zotuwa moderako, zotchedwa Cinara. Nsabwezi zimaboola khungwa la tinthambi tanthete n'kumayamwa madzi a mtengo, ndipo malovu ake amakhala ngati chiphe. Kumaiko otentha zimaswana chaka chonse popanda yaimuna, ndipo zimabereka ana amoyo, osati mazira. Zimachuluka koposa m'nyengo yopanda mvula. Popeza zinafika zokha, osatsagana ndi adani amene amazidya kwawo, panalibe chozibweza. M'zaka zowerengeka zinafalikira ku Tanzania, Rwanda, Burundi ndi Uganda, ndipo mu 1990 zinali zitalowa m'Kenya. Pofika 1991 akatswiri anayerekeza kuti mitengo imene inali itafa m'chigawo chonsechi inali ya ndalama zokwana madola 41 miliyoni a ku America. Nawo mkungudza wa pa phiri la Mulanje sunapulumuke.

Kupopera mankhwala kunali kotheka pa mpanda wa nyumba, koma osati pa nkhalango yathunthu kapena pa zigwembe za phiri. Choncho akatswiri a bungwe la Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, mogwirizana ndi a International Institute of Biological Control a ku Britain, anakafuna mdani wa nsabwezi ku Ulaya. Akuluakulu anati mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa. Anapezako kamavu kakang'onong'ono kotchedwa Pauesia juniperorum, kamene kamaikira dzira lake m'thupi mwa nsabwe. Dziralo likaswa, mphutsi imadya nsabweyo cham'kati mpaka kutsala chikhungwa chouma. Kamavuka kanamasulidwa m'Malaŵi mu 1994, kanakhazikika, ndipo nsabwe zinachepa mphamvu, ngakhale kuti sizinatheretu. Mu 1999 ofufuza anasonyeza kuti nsabwe imene inasautsa Africa inali mtundu wakewake, naitcha Cinara cupressivora, ndipo anati kwawo ndi kudera loyambira kum'mawa kwa Greece kufika kum'mwera kwa nyanja ya Caspian.

Koma chimene nsabwe zinasiya, sowo ndi moto zinatsiriza. Kucheka matabwa mozemba ndiponso moto wolusa m'chilimwe zinapulula mikungudza ya pa Mulanje, kotero kuti kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Kuyambira mu 2016, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi akatswiri a ku Zomba ndi a Botanic Gardens Conservation International anathandiza midzi yozungulira phiri kufesa nazale, ndipo mbande mazana a zikwi zinabwezeredwa kuphiri.

Mbande zimenezi zidzatenga zaka makumi angapo kuti zikhale mitengo yokhwima. Akatswiri anapeza njira yogonjetsera bowa ndi nsabwe. Kuteteza mbandezo ku moto ndi ku sowo ndi ntchito imene yatsalira mafumu, alonda ankhalango ndi anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo.