Sankofa

Sankofa ndi mawu a Chitwi, chiyankhulo cha Aakani a ku Ghana. Muli timawu titatu: san, kubwerera, ko, kupita, fa, kutenga. Ndiye kuti bwerera ukatenge chimene unasiya.

Chizindikiro chake, chimodzi mwa zija za adinkra zimene amadinda pansalu, ndi mbalame yopotokola khosi kuyang'ana kumbuyo, dzira lili kukamwa. Ena amaganiza kuti ikutiuza kuti tibwerere kukakhala m'makedzana, koma amenewo sanaione bwino miyendo yake: yaloza kutsogolo.

Chosiyidwacho nthawi zambiri si katundu ayi. Munthu amene wakula akumva kuti khungu lake, tsitsi lake ndi chiyankhulo cha agogo ake n'zachabechabe amafika pokhulupirira, n'kumadziderera yekha popanda womukakamiza. Akayamba kufunsa za kumene anachokera, manyazi aja amayamba kusungunuka. N'chifukwa chake mawuwa anagwira mitima ya zidzukulu za akapolo ku America. Mu 1993, Haile Gerima wa ku Ethiopia anatulutsa filimu ya dzina lomweli, yonena za mayi wakuda wa ku America amene akukajambulitsa zithunzi kulinga la akapolo ku Cape Coast m'dziko la Ghana, n'kupezeka wabwerera m'nthawi ya ukapolo.