Lucius Banda: Woyimba Amene Anamangira Anzake Nkhokwe

 Inu alimi mukudziŵa kuti kulima ndi ntchito ina, kusunga ndi kugulitsa zokolola ndi ntchito inanso. Mlimi wopanda nkhokwe amalimira chiswe ndi mbala. Lero tikamba za munthu amene anaona kuti oyimba a m'Malaŵi anali ngati alimi otere, naganiza zoŵamangira nkhokwe. Munthuyo ndi malemu a Lucius Banda a ku Balaka.

Tiyambe ndi m'mene zinthu zinaliri kale. Kwa zaka zambiri ufulu utabwera mu 1964, woyimba wofuna kumveka m'dziko lonse ankadalira nyumba ya wailesi ya MBC ku Blantyre, pakuti malo ena ojambulira nyimbo anali osoŵa. Nyimbo zinkatchuka, koma eni ake ankabwerera kumudzi manjamanja. A Allan Namoko a ku Thyolo, katswiri wosaona wa banjo, anamveka ngakhale kunja kwa dziko lino, komabe anamwalira mu 1995 ali osauka.

A Lucius anabadwa pa 17 Ogasiti 1970 m'mudzi wa Sosola ku Balaka. M'mera mpoyamba: akulu awo, a Paul Banda, ndiwo ankatsogolera Alleluya Band, gulu limene linayamba mu 1978 pa parishi ya Akatolika ya Balaka mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici a ku Italy. M'gulu limeneli a Lucius anaphunzira kuyimba akali mnyamata. Pambuyo pake a Paul anatsegula malo ojambulira nyimbo ku Balaka komweko, ndipo oyimba anapeza khomo lina logogodapo.

Chimbale choyamba cha a Lucius, Son of a Poor Man, anakachijambula ku South Africa, ndipo chinatuluka m'nyengo ija ya 1993 ndi 1994, pamene dziko linali kuchoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Chifukwa choyimba mosaopa za mavuto a anthu wamba, anthu anaŵatcha Soldier, msilikali wa amphaŵi. Iyo inali nyengo ya makaseti. Ambiri a inu mukukumbukira kuti fodya akagulitsidwa, bambo ankabwera kunyumba ndi wailesi ya kaseti, mabatire ndi nyimbo za ku Balaka.

Koma kutchuka sikudyetsa ana. Lamulo loteteza ntchito za aluso linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992, komabe okopera makaseti mwakuba sanaleke. Oyimba ambiri ankadalira ogulitsa makaseti monga a O.G. Issa a ku Limbe. Woyimba analibe zida zake, galimoto lake, ngakhale womukonzera maulendo.

Apa ndi pamene moyo wa a Lucius unatembenukira. Mu 1997 anayambitsa Zembani Band, gulu lokhala ndi zida zake, loyenda m'maboma ndi m'matauni, lolemba ntchito achinyamata. Dzina la Zembani linakhalanso la kampani yawo ya nyimbo. Oyimba monga a Billy Kaunda, a Mlaka Maliro ndi a Wendy Harawa anagwirapo ntchito ndi a Lucius asanaime paokha. Motero mwini mawu anasandukanso mwini ntchito, woŵerengera mafuta a galimoto, malipiro a anyamata ndi ndalama za pakhomo.

Ndale nazo zinaŵakoka. Mu 2004 anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo wa kumpoto kwa Balaka, m'chipani cha UDF. Mu 2006 khoti linaŵapeza olakwa pa mlandu wa setifiketi ya sukulu. Anataya mpando nakaloŵa m'ndende ya Zomba. Atatuluka anatulutsa chimbale cha Cell 51 Maximum, ndipo mu 2014 anthu a kwawo anaŵasankhanso.

Nthaŵi imeneyi makaseti anali kutha, nyimbo zikufalikira ulere pa makompyuta ndi mafoni. A Lucius anazindikira kuti chakudya cha woyimba tsopano chinali pa bwalo, pamaso pa anthu olipira pakhomo. Kudzera m'kampani yawo ya Impakt Events, mu 2010 anayambitsa chikondwerero cha kunyanja cha Sand Music Festival, chimene kaŵirikaŵiri chinkachitikira ku Senga Bay, ku Salima. Inu a ku Mvera munkaona ndithu magalimoto akutsetsereka m'mapiri mwanu kupita kumeneko. Pa chikondwererochi oyimba athu ankaima pa nsanja imodzi ndi alendo otchuka monga a Busy Signal a ku Jamaica ndi a Diamond Platnumz a ku Tanzania.

M'zaka zawo zomaliza a Lucius anali mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa za achinyamata ndi luso. Anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa atadwala impso, ali ndi zaka 53, ndipo anaikidwa kwawo ku Balaka.

Tsono inu anyamata a ku Dowa ndi Ntchisi amene mukusema banjo ndi kuphunzitsa makwaya, mawu okoma muli nawo. Funso limene mbiri iyi ikukusiyirani ndi ili: nyimbo yanu ikakhwima, adzaikolola ndani, nanga adzaisunga m'nkhokwe ya yani? Tsalani bwino.