Fupa la Mayi Lucilla

Mu mzinda wa Carthage, pafupi ndi pamene pali Tunis lero, munali mayi wina wachuma ndi wotchuka, dzina lake Lucilla. Mayiyu anali ndi chizolowezi chake: asanalandire Ukaristia, ankayamba wapsompsona fupa la munthu wina amene iye ankati anafera chikhulupiriro, ngakhale Eklezia anali asanamvomereze. Tsiku lina Caecilian, mkulu wa madikoni, anamdzudzula. Mayiyo anachoka ali wopsa mtima, ndipo mkwiyowo anausunga kufikira tsiku loti augwiritse ntchito.

M'chaka cha 303 mfumu ya Aroma, Diocletian, inalamula kuti akhristu apereke Malembo Oyera kuti atenthedwe. Ena anakana, naponyedwa m'ndende, naphedwa; ena anapereka chifukwa cha mantha. Mazunzo atatha, onsewa anayenera kugwada m'tchalitchi chimodzi, wamasiye wa wophedwa pambali pa uja anapereka mabuku. Ambuye Mensurius, episkopi wa Carthage, sankakondwera ndi anthu odziponya dala m'manja mwa asilikali, ndipo za Caecilian kunkamveka mphekesera yoti ankaletsa abale kupititsa chakudya kwa akhristu a m'ndende. Tsono udzu unali wouma kale.

Cha m'ma 311 Ambuye Mensurius anamwalira, ndipo Caecilian anasankhidwa mofulumira, maepiskopi a ku Numidia asanafike. Ansembe awiri, Botrus ndi Celestius, amene ankaufuna mpandowo, anagwa mphwayi. Panalinso akuluakulu ena amene malemuwo anawasungitsa ziwiya zagolide ndi zasiliva za mpingo. Episkopi watsopano atawauza kuti abweze, iwo anamfulatira. Aliyense wa anthuwa anali ndi chilonda chakechake, ndipo payekha sakanatha kuchita kanthu. Lucilla ndiye anali ndi nyumba ndi chuma zowasonkhanitsa pamodzi. Maepiskopi pafupifupi 70 anabwera motsogozedwa ndi Secundus wa ku Tigisis, nagamula kuti Caecilian sanadzozedwe moyenera pakuti Felix, mmodzi wa omdzoza, ankamnenera kuti anapereka mabuku. M'malo mwake anaika Majorinus, wowerenga mawu m'tchalitchi, munthu wa m'nyumba ya Lucilla yemweyo.

Pa mlandu wina wa m'chaka cha 320 kunaululika kuti mayiyu anapereka ndalama za nthawiyo zotchedwa folles zokwana 400. Zinkanenedwa kuti n'za amphawi, koma amphawiwo sanazione. Maepiskopi anagawana okhaokha. Kunaululikanso kuti Silvanus wa ku Cirta, mmodzi wa odzudzula anzawo, iyenso anali atapereka katundu wa mpingo m'masiku a mazunzo.

Komabe tiyenera kuweruza mosamala. Nkhani ya fupa tikuidziwa kudzera mwa Optatus wa ku Milevis, amene analemba patapita zaka zoposa 50, ndipo anali wa mbali ya Caecilian. N'chapafupi kusenzetsa mayi mmodzi katundu wa amuna ambiri. Ife m'mipingo yathu luso limeneli sitinalitaye. Ndipo Caecilian nayenso anali munthu wogawa anthu. Mwina mawu ake pa za fupa anali oona, koma anawanena kwa munthu amene ankalemekeza ofera chikhulupiriro monga mmene anthu wamba ambiri a ku Africa ankachitira, kotero ambiri anamva ngati adzudzulidwa iwo eni. Chimene anthu awiriwa anachita n'kuumiriza aliyense kusankha mbali. Amene dzulo ankati, "Ine za mkanganowu ndilibe nazo ntchito," tsopano anafunsidwa kuti mwana wake akambatizitsa kuti.

Majorinus sanakhalitse, anamwalira, ndipo pofika 313 Donatus anali atalowa m'malo mwake. Mpatukowo unatenga dzina la iyeyu. Msonkhano wa ku Rome wa 313, pansi pa Apapa Miltiades, unaikira kumbuyo Caecilian. Wa ku Arles wa 314 unachita chimodzimodzi. Felix anapezeka wosalakwa. Mfumu Constantine nayo inagamula motero mu 316. Zonsezi sizinabweze anthu. Mizinda yambiri, ngakhale yaing'ono, inakhala ndi maepiskopi awiri ndi matchalitchi awiri, ndipo wochokera kwa Akatolika kupita kwa a Donatus ankabatizidwanso ngati wachikunja. Augustine Woyera akutiuza kuti ku Hippo, iye asanafikeko, episkopi wa a Donatus analetsa ophika buledi kuphikira Akatolika. Wophika wina, amene ankakhala m'nyumba ya dikoni wachikatolika, anakana kuphikira ngakhale mwini nyumbayo.

M'chaka cha 411, patapita zaka 100, maepiskopi oposa 500 a mbali ziwirizi anakumana ku Carthage pamaso pa nduna ya mfumu, Marcellinus. Lucilla, Caecilian ndi Donatus onse anali atagona kalekale. Atapemphedwa kuti akhale pansi, a Donatus anakana kukhala pamodzi ndi anthu amene ankawayesa ochimwa. Akatolika nawo anaimirira, ndipo ndunayo inachotsa mpando wake, niimirira nawo. Chigamulo chinakomera Akatolika, boma linalanda matchalitchi a enawo, koma cha m'ma 590 Apapa Gregory Wamkulu anali akulembabe makalata odandaula za otsatira a Donatus ku Numidia.